Chiwawu M'munda mwa Azakhali a Malsun

Kwathu ku Solti, kumapiri a kumpoto kwa mzinda wa Chungju, munthu akafuna kuti mtengo wa maapozi womezanitsa ugwire, ankapita kwa a Seok Malsun ali wokonzeka kutukwanidwa. Ankayamba ndi kunyoza mpeni wako, kenako manja ako, kenako bambo amene anakubereka osakuphunzitsa kunola mpeni, ndipo akamaliza zonsezo ankakumezanitsira mtengowo n'kukana kulandira ngakhale botolo la mowa wa mpunga. Ine ndinakula ndikuwatcha Azakhali ngakhale kuti sitili pachibale. Munda wawo ndi wa bambo anga imalekanitsidwa ndi kangalande ndi waya basi, ndipo awiriwo anakhala akupikisana zaka makumi anayi pa nkhani ya amene maapozi ake amafiira msanga.

Anabadwa mtsikana wachisanu m'nyumba imene inkadikira mnyamata, ndiye anawapatsa dzina la Malsun ngati kunena kuti atsikana athere pompa. Mnyamatayo anabweradi pambuyo pawo, ndipo sukulu yonse ya banjalo inapita kwa iyeyo. Azakhali analekeza pulayimale n'kukasoka malaya kufakitale ku Daegu, mpaka tsiku limene kunabwera uthenga woti bambo awo agwa pamakwerero, athyoka msana. Anabwerera kumudzi ndi kachikwama kamodzi, ati adzadwazika mwezi umodzi wokha. Ku Daegu sanapondekonso. Bambo awo, ali chigonere, ankawauzira pazenera nthambi yodula ndi yosiya, mokalipa, ndipo ndikuganiza kuti kaphunzitsidwe kotukwana anakatengera pamenepo. Anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, munthu wofatsa amene anamwalira asanadziwe kusiyanitsa mphukira ya duwa ndi ya tsamba. Mwana wawo mmodzi yekhayo amakhala ku Incheon. Chaka chimene ndikukambachi anali ndi zaka 67 ndi mitengo mazana asanu, kuphatikizapo isanu ndi inayi yakalekale ya maapozi owawasa imene anabzala bambo awo, yoti ogula sankaifunanso.

Chinali chaka cha chiwawu. Nthendayi ikagwira mtengo wa maapozi nsonga zimada ngati zawauka ndi moto, ndipo ilibe mankhwala. Lamulo la nthawi imeneyo m'dera lathu linali loti ikapezeka, munda wonse uzulidwe n'kukwiriridwa, papite zaka zitatu osabzalamonso apozi. Inali itafika kale kuchigwa chachiwiri kuchokera kwathu. Anthu anasiya kubwerekana masizasi, anasiya kulowerana m'minda, moni ankapatsana wina ali uku kwa waya wina uko.

Ine ndine Yeon Hyesuk, ndimaphunzitsa kusekondale ya kutauni, ndipo chaka chimenecho ndinkayang'anira gulu la achinyamata khumi ndi awiri ophunzira utsogoleri. Ankasankha okha wapampando, ankalemba okha malamulo awo, ndipo kawiri pamwezi, Loweruka, tinkapita kwa mlimi kukagwira naye ntchito. Tinali titapita kale kwa woweta ng'ombe, kwa wolima bowa ndi kunazale ya mpunga. Kunatsala minda ya zipatso, imene ndiyo imadyetsa dera lathu, koma alimi asanu ndi awiri anandikana motsatizana, ena mopepesa, ena kungondidulira foni. Azakhali anavomera ndisanamalize n'kulankhula komwe. Anati ana amene amadya maapozi osadziwa mmene amakulira ndi amene mawa adzakhale m'maofesi n'kumalembera alimi malamulo opusa. Bambo anga atamva kuti Malsun wavomera, nawo anavomera, kuopa kuoneka amantha pamaso pa mkazi. Tinagwirizana kuti m'mawa tikhala kwa Azakhali, ndipo wani koloko bambo adzatitenga kupita kumunda kwawo.

Linali Loweruka loyamba la Juni, mvula itagwa masiku awiri, kunja kukutentha kwachinyontho. Pachipata panali beseni la mankhwala, ndipo aliyense anaviikamo majombo Azakhali akuyang'anitsitsa. Masizasi anatipatsa awo. Ntchito inali yopatulira: pa tsango la timaapozi tisanu, tating'ono ngati mazira a zinziri, kusiya kamodzi kapakati n'kudula tinato. Ana ankachita chisoni kudula, ndiye Azakhali ankayenda pambuyo pawo akulalata.

"Iwe wamagalasi, ukusisita chiyani pamenepo, n'chibwenzi chako? Dula. Mtengo ukaumvera chisoni umakubalira nsangalabwi."

Mtsikana wina anafunsa ngati kumeneko si kuwononga. Anamuyankha kuti kwawo anabadwa asanu ndi mmodzi, makolo n'kusankhapo mmodzi woti akule, choncho ntchitoyi amaidziwa mbali zonse ziwiri. Ana anaseka mokayikakayika.

Wapampando wa gululo anali Ban Yerim, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wosalankhulalankhula, amene anzake anamusankha chifukwa sankaiwala kanthu. Amayi ake anachokera ku Vietnam, ndipo nyengo yopatulira ankagwira ganyu m'minda ya eni. Cha m'ma leveni Yerim anandipeza pamzere wapakati n'kundikoka malaya. Ananditengera kumtunda, kumene kunali mitengo yakale ija. Pa mtengo wachitatu panali nthambi imene nsonga yake inapindika ngati mbedza, masamba atada koma osayoyoka, ndipo pakhungwa panali timadontho tomata ta mtundu wa uchi. Sabata yapitayo mlangizi wa zaulimi anali atationetsa zithunzi za zomwezi m'kalasi.

Mawu oyamba amene anatuluka pakamwa panga ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinamufunsa ngati pali wina amene waona. Anandiyang'ana n'kunena kuti anyamata awiri aona, ndipo iye wajambula kale pafoni.

Azakhali anabwera okha, poona kuti anthu awiri angoima osagwira ntchito. Anayamba kutinena ali patali, koma atafika analeka. Anayang'ana nthambiyo nthawi yaitali osaikhudza. Kenako anazungulira mtengowo, n'kuyang'ana wachinayi, wachisanu, ndipo pa wachisanupo panali nsonga zina ziwiri. Anauza Yerim ndi mawu abwinobwino kuti aitane anzake apite kushedi, mpunga ndi kimchi, ndiwo yathu ya kabichi wowawasa, zili m'basiketi, ayambepo kudya.

Titatsala awiri anapita ku kangolo kawo ka injini n'kubwerako ndi sowo ndi thumba la feteleza lopanda kanthu. Ndinadziwa chimene akufuna kuchita. Tonse tinkamva mphekesera za alimi amene amadula nthambi zotere mwakachetechete, kukazitentha, n'kumapemphera kuti oyendera minda asaone zipsera.

"Ana akowo uwatenge muzipita," anatero osandiyang'ana. "Uwauze kuti ndi dzuwa lawaula. Ndiwe mphunzitsi, akukhulupirira."

Ndinati sindikudziwa ngati ndingathe. Anandikumbutsa kuti anandiberekapo kumsana miyezi iwiri amayi anga ali m'chipatala, ndiponso kuti mitengo imeneyi ndi chinthu chokhacho chimene bambo awo anawasiyira, chifukwa nyumba inapita kwa mlongo wawo. Ndinapita kushedi ngati wothawa.

Kushediko panalibe amene ankadya. Onse anali atadziwa kale. Yerim anali atatsegula kope la gulu pabondo, ndipo ankakambirana motsitsa mawu ngati pasiwa. Mnyamata wamagalasi uja ankati si nkhani yathu, ndife alendo, agogowa atilandira pamene ena onse anatikana, ndiye tiwathokoze ndi kuwagwetsera munda? Wina anati amalume ake ali ndi munda kumunsi kwa mtsinje, ndipo nawonso ndi anthu. Anandifunsa maganizo anga. Ndinati gulu ndi lawo, asankhe okha, ndipo ndinadziwa ndili mkati molankhula kuti ndikubisala kumbuyo kwa ana.

Yerim ndiye anafunsa funso limene ine ndinkalizemba. Anati wani koloko tikuyenera kupita kumunda kwa bambo anga, ndi zovala zomwezi zimene zakhudzakhudza masamba m'mawa wonse. Tikapita, titengerako nthenda. Tikakana, atifunsa chifukwa chake. Ndiye tinene chiyani? Nthawi inali itadutsa hafu pasiti thwelofu.

Anakweza manja, asanu ndi anayi mbali iyi, atatu mbali iyo. Anagwirizana kuti saimbira foni aliyense mwamseri, koma sanamanso, ndipo wapampando akawauze eni munda maso ndi maso. Yerim ananyamuka. Ndinamutsatira.

Azakhali tinawapeza atakwera makwerero, sowo ili panthambi, koma sankacheka.

"Agogo," anatero Yerim, "ife sitikakunenezani kulikonse. Koma akatifunsa tinena zimene taona. Ndipo kwa bambo a aphunzitsi sitipitako."

"Ndiwe mwana wa yani iwe?"

Anatchula dzina la bambo ake ndi la amayi ake. Azakhali anati amayiwo amawadziwa, ndi a manja achangu, n'kumufunsa ngati akudziwa kuti nkhaniyi ikamveka, oyamba kulozedwa chala adzakhala aganyu ngati amayi ake omwewo, amene amalowa munda uwu lero, uwo mawa. Kunali kumuopseza, komanso zinali zoona, ndipo Yerim ankadziwa. Misozi inalengeza m'maso, koma anati inde, akudziwa. Sanasunthe.

Pamenepo tinamva kalole ka bambo anga kakukwera msewu, kutatsala mphindi khumi kuti wani akwane, chifukwa bambo sachedwa pakakhala mwayi wosuzumira munda wa mnzawo. Tili kumtunda kuja chipata chinkaoneka bwinobwino. Tinawaona akutsika, akuvala chipewa, akuyang'ana beseni la mankhwala n'kuyamba kulilambalala monga mwa chizolowezi chawo.

Azakhali anatsika makwerero mwachangu chimene sindinawaonepo nacho, sowo inagwera mu udzu, ndipo anathamanga motsimphina mzere wonse mpaka kumunsi.

"Bambo a Hyesuk, imani pomwepo. Musaponde muno."

Bambo anaseka n'kufunsa ngati akuopa kuti aona mmene ana awonongera mitengo.

"Chafika," anatero Azakhali. "Chili kumtunda, pa mitengo ya bambo anga. Bwererani mukasambe, ndipo ana sabwera kwanu."

Bambo anabwerera chafutambuyo mpaka kutsamira lole. Anayang'ana kumtunda, kenako munda wawo kutsidya kwa waya, kenako ine. Foni ya kuofesi ya zaulimi anaimba okha Azakhali ataima pachipata pomwepo, ndipo atafunsidwa kuti waona ndani, anati waona ndi mwini munda.

Alangizi awiri anafika atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayeza pomwepo ndi kachipangizo kawo, kanaonetsa kuti nthenda ilipo, koma anati yankho lenileni lichokera kulabotale pakatha masiku anayi. Anazunguliza munda ndi chingwe chachikasu. Anawo anawapopera mankhwala, majombo anatsala pomwepo m'matumba, ndipo anakwera minibasi ya sukulu atavala masokosi okha. Njira yonse munalibe woimba kapena wosewera ndi foni.

Lolemba lisanafike mudzi unali utagamula kale mlandu: nthenda yabwera ndi ana asukulu, ndipo wabweretsa anawo ndi mwana wa Yeon. Makolo awiri anachotsa ana awo m'gulu. Amayi a Yerim anauzidwa ndi kapitawo wawo kuti ayambe apuma kaye. Bambo anga ankalawirira mbandakucha kuyendera mtengo umodziumodzi, nsonga iliyonse yofota ndi mphepo ankaiona ngati mbedza, ndipo patebulo ankadya osandiyang'ana. Tsiku lachitatu anangoti, "Alimi asanu ndi awiri kukukana, iwe osamvapo kanthu?" Nanenso ndinali nditayamba kudzikayikira. Azakhali sankatuluka m'nyumba. Ndinkawasiyira chakudya pakhomo, mbale zinkabwerera zotsuka, koma chitseko sankanditsegulira.

Yankho linabwera Lachitatu, ndipo linali lomwelo. Madzulo a tsiku lotsatira kunali msonkhano kuholo ya mudzi, mlangizi wamkulu atabwera kudzafotokoza za kukwirira. Holo inadzaza. Yerim anapempha kuti abwere, ine ndinamuletsa, iye anabwerabe, ndi kope lake ndi anzake asanu ali m'yunifolomu. Atapatsidwa mpata anawerenga malo onse amene gulu linapitako chaka chimenecho, ndi masiku ake omwe, kusonyeza kuti sanapondepo m'munda wa zipatso wina uliwonse. Bambo wina wa kumbuyo anamudula pakamwa n'kufunsa kuti nanga amayi ake apondamo mingati. Munabuka phokoso. Mlangizi ankayesa kufotokoza kuti nthendayi imayendanso ndi njuchi, mphepo ndi mvula, ndiponso kuti nsonga siida tsiku lomwe yagwidwa, koma panalibe womumvera.

Azakhali sitinawaone polowa. Anali atakhala pafupi ndi chitseko, pomwe timavulira nsapato. Anaimirira atagwira khoma.

"Mukulimbana ndi mwana wa eni bwanji? Mu Febuluwale, ndikudulira, ndinaona chilonda pakhungwa la mtengo womwe uja, chakuda, cholowa mkati. Ndinadziuza kuti n'chisanu. Zaka makumi anayi ndikudulira mitengo, chilonda cha chisanu ndimachidziwa ine. Ndinachipaka mankhwala n'kupitiriza ntchito, ndi sizasi yomweyo. Amene akufuna womutukwana, ndili pano."

Aliyense m'holomo ankadziwa kuti mawu amenewo, onenedwa pamaso pa mlangizi, akanatha kuwaitanira mavuto ena pamwamba pa amene anali nawo kale, ndipo mlangiziyo anawerama n'kumasanthula mapepala ake. Kenako Azakhali anatembenukira kwa bambo wa kumbuyo uja n'kumuuza kuti amayi a mtsikanayu amaviika sizasi m'mankhwala pa mtengo uliwonse, pamene iyeyo sasamba m'manja ngakhale pochokera kuchimbudzi. Ena anaseka, ena anakhosomola, ndipo msonkhano unabwerera ku nkhani ya tsiku lokwirira.

Makina okumba anabwera awiri sabata yotsatira, anagwira ntchito masiku atatu. Anakumba dzenje loti nyumba n'kuloweramo yonse. Ankazula mtengo ndi timaapozi take tomwe, kuuponya m'dzenjemo, n'kuthira laimu. Mwana wa Azakhali anabwera kuchokera ku Incheon kuti awatenge asaone zimenezi, koma iwo anakana. Ankakhala pabokosi la maapozi kunja kwa chingwe, atafunda ambulera, kuyambira m'mawa mpaka makina atazima. Tsiku lomaliza linali Loweruka, ndipo ana khumi otsala m'gulu aja anabwera okha pabasi n'kuima mumsewu wa kumtunda. Sanawaitane, sanawathamangitse. Makina atafika pa mitengo ya bambo awo, Azakhali anatembenuza bokosi n'kukhala chofulatira, ndipo bambo anga, amene anaima kutsidya kwa waya, anavula chipewa.

Munda wa bambo alangizi anauyendera katatu nyengo imeneyo ndipo sanapezemo kanthu. Minda ina iwiri ya kumunsi kwa mtsinje inakwiriridwa mu Julaye. Mpaka lero ku Solti alipo amene amati ikanapulumuka Malsun akananena mu Febuluwale, ndipo alipo amene amati akanacheka nthambi ija mwakachetechete chigwa chonse chikanatha. Azakhali sayankhapo. Bambo anayamba kundilankhulanso nthawi yokolola, pondituma kuti ndikasiye bokosi la maapozi pakhomo pa Azakhali. Mawa lake bokosilo tinalipeza pakhomo pathu muli anyezi.

Pamalo pa mitengo Azakhali analima soya ndi chitowe. Kwa zaka ziwiri panalibe amene anawaitana kukamezanitsa, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo zinawapweteka kuposa dzenje lija. Amayi a Yerim anapeza ganyu kumudzi wina, wakutali ndi theka la ola pabasi. Yerim anamaliza chaka chake cha upampando, ndipo pano akuphunzira unamwino kumzinda wina, ku Cheongju.

Zaka zitatu zinakwana chaka chatha. Mwana wa Azakhali akufuna kuti agulitse malo asamukire ku Incheon, mwini nazale wabwera kawiri ndi zithunzi za mbande, ndipo onse awiri amawayankha kuti aganiza kaye. Mwezi watha ndinawapeza pasiteji ya basi akupita kuchipatala cha maso, diso lakumanzere lachita ng'ala. Ndinawakweza m'galimoto yanga. Njira yonse ankadandaula za mawondo ndi za njiwa zimene zikutha soya. Titafika anandifunsa ngati gulu lidakalipo, ndinati lilipo, ndi ana ena atsopano. Anati kumapeto kwa Okutobala adzafuna manja opunthira soya, ndiwabweretse, koma adzabwere ndi chakudya chawo chifukwa iwo anasiya kuphikira chigulu. Kenako anatsika, n'kundiuza kuti ndisawadikire, abwerera pabasi.